Abale Ake a Anyezi

Ndikawakumbukira agogo anga aamuna, Che Sumani, imayamba ndi mphuno kukumbuka: fungo la adyo amene ankatafuna m'mamawa uliwonse, losakanikirana ndi la dothi lonyowa la kuseri kwa nyumba ndi la nyuzipepala zakale zimene zinkachita nkhungu pansi pa bedi lawo dzinja likafika. Ife adzukulu tinkawaitana kuti ambuje, monga amachitira ana onse a kwathu ku Ngokwe. Anali munthu wamtali, wowonda, wa ndevu zoyera za pachibwano pokha, ndipo poyenda maso awo ankakhala pansi, osati chifukwa cha ulemu iyayi, koma pofuna kuona chimene chamera m'mbali mwa njira. Ulendo wa ku mzikiti Lachisanu, anzawo ankafika bwinobwino akucheza, iwo n'kufika mapemphero atayamba, mkanjo uli matope m'mawondo, m'thumba muli muzu.

Ali mnyamata anagwirapo ntchito ku Zomba yonyamulira katundu anthu ofufuza zomera. Ankakwera nawo mapiri atasenza matabwa awiri omangidwa ndi malamba, mmene ankapanikizamo masamba ndi maluwa pakati pa nyuzipepala kuti ziume. Sukulu sanapite nayo patali, koma makutu anali nawo. Mayina amene mabwana aja ankatchula, iwo ankawatola limodzilimodzi ngati nkhuku pa mapira, ndipo ntchito itatha anabwera nawo mayinawo, pamodzi ndi matabwa aja, kumudzi kwa agogo aakazi kumene anakhala mkamwini mpaka ukalamba. Pamene ine ndinkazindikira, agogo aakazi anali atamwalira, bambo anga ali ku Joni, ndipo pakhomo tinali ine, amayi ndi ambuje.

Kuseri kwa nyumba anali ndi kadimba kotchingidwa ndi khonje. Amayi ankalakalaka atadzalamo mpiru, koma ambuje sankalola. Munali anyezi ndi adyo, alovera wa masamba onenepa, katsitsimzukwa wa minga yokola chitenje, duwa lina lokwawa lofiira ngati malawi a moto, ndi timitu tambirimbiri timene ankakumba kuphiri. Zonsezi ankati ndi banja limodzi, banja la akakombo, ndipo ine ndinali mwana wasukulu wawo mmodzi yekhayo.

"Hawa, bwera kuno. Tenga tsamba la adyoli uliyang'ane padzuwa. Mitsempha yake ikuyenda bwanji?"

"Ikungowongoka, ambuje. Siikukumana."

"Ehee. Nanga la mangoli?"

"Ili ndi yolukanalukana ngati ukonde."

"Basi, amenewo si abale. Tsopano werenga timasamba ta duwa la aloverali."

"Sikisi."

"Titatu kunja, titatu m'kati. Ameneyu ndi Liliyasiye."

Dzina la banjalo, limene anatola kwa mabwana aja, ankalitchula pang'onopang'ono, maso atatsinzina, ngati shehe akuwerenga. Anthu a m'mudzi anafika powatchula kuti Che Liliyasiye, ndipo iwo ankayankha mosangalala, chipewa atachipendeketsa. Ine ndinkayenda nazo kusukulu monyada, kuuza anzanga kuti anyezi ndi alovera ndi pachibale, iwo n'kumaseka, ine n'kumawaona ngati mbuli. Nditawafunsa ambuje za kakombo wa m'madzi amene amayandama ku nyanja ya Chiuta, anaseka mpaka kutsokomola. "Uja dzina anangobwereka," anatero. "Ndi mkamwini ngati ine. Amakhala pamudzi, koma si wa mbumba." Duwa lofiira lija lokha ankandiletsa kuligwira, ankati muzu wake umapha. "Banja lililonse lili ndi wamisala wake."

Njala inabwera ndili Sitandade 4. Chimanga chinatha m'nkhokwe mvula isanagwe, ndipo pofika pakati pa dzinja mudzi unali zii, mitondo itasiya kulira, utsi ukutuluka m'makhitchini mwa apo ndi apo, wonunkha mango osapsa amene tinkawiritsa mpaka mano kuchita dzanzi. Tinadya gaga, tinadya mitu ya nthochi yosinja. Amene anali ndi mphamvu ankayenda mpaka ku Chiuta kukazula mizu ya kakombo wa m'madzi uja, koma ya m'mphepete inatha msanga. Bambo ku Joni sankamveka. Anyezi ndi adyo wa m'kadimba ka ambuje tinamudya yense, mpaka wa mbewu.

Nyumba yoyandikana ndi yathu inali ya Abiti Yasini, mayi wamfupi wa mawu otsika amene amuna awo anawasiya ndi ana atatu, atsikana awiri ndi chitsirizira wamwamuna, Twaibu. Twaibu anali wamng'ono kwa ine, koma ndinkayenda naye ku madrasa, ndipo ankadziwa kuimba likhweru ndi tsamba la chimanga mpaka agalu kuuwa. Chaka chimenecho likhweru linatha. Tsitsi lake linafiira, mapazi anatupa, ankangokhala pakhonde atatsamira chipupa, ntchentche zikumutera pamilomo iye osaziingitsa.

Tsiku lina m'mawa ambuje anatenga khasu ndi dengu n'kunditenga kupita kuphiri. Tinayenda mopumira, iwo kutsogolo, ine m'mbuyo, mame akunyowetsa miyendo. Pamalo ena amiyala panali zomera za masamba aatali osalala, mitu yake itatulukira theka pamwamba pa dothi, ina yaikulu ngati mutu wa khanda. Anakumba umodzi, anaudula pakati ndi mpeni, n'kundionetsa m'kati mwake moyera, mosanjikizana.

"Taona, Hawa. Si anyezi ameneyu? Ndinaliona duwa lake mvula isanagwe, timasamba sikisi. Mulungu anabisa nkhokwe pansi, anthu akungoiponda n'kumalira njala."

Nkhope yawo inkawala. Ndinali ndisanawaone akusangalala chotero chiyambire njala, ndipo inenso ndinasangalala. Dengu ndinasenza ndine pobwerera, khosi likuwawa, mtima ukuti ambuje anga apulumutsa mudzi.

Amayi ataona anapukusa mutu. "Ababa, zimenezi sitinadyepo."

"Chinangwa chowawa nachonso chimapha," anatero ambuje, "koma timachiviika n'kudya. Kuwawa kumatuluka ndi madzi. Ndiyamba ndine."

Anadula tizidutswa, anativiika mumphika mpaka tsiku linalo, anawiritsa, anataya madzi, anawiritsanso. Kenako anakhala pakhonde n'kudya pang'ono, osakwana dzanja limodzi, akutafuna modekha ngati munthu wolawa ndiwo za mkazi watsopano. Masana anasanza kuseri kwa nkhokwe, tonse tikumva. Anabwera akupukuta pakamwa n'kunena kuti ndi mimba chabe, yadabwa kulandira mlendo. Amayi anati mwana wawo salawa mpaka aone mmene zithere. Kutacha ambuje anadzuka bwinobwino, anatawasa posamba m'manja, kumaso ndi m'mapazi, anapemphera, n'kuyamba kusesa pabwalo kuti aliyense wodutsa awaone.

Ndi m'mawa umenewo pamene Abiti Yasini anabwera. Anagwada chapatali, Twaibu atatsamira paphewa pawo, maso awo ali pa dengu limene linali pakhonde.

"Che Sumani, ndamva kuti mwapeza chakudya kuphiri."

"Tikuyesa, amayi."

"Ndiuzeni chimodzi chokha. Zimadyedwa?"

Amayi anali atapita kumjigo. Panjira panaima azibambo awiri amene ankamvetsera. Ambuje anayang'ana azibambowo, anayang'ana mapazi a Twaibu, n'kutsamira tsache lawo.

"Ndi m'bale wake wa anyezi," anatero. "Ine ndadya dzulo, si ndili pano? Muviike kaye, muwiritse kawiri, madzi muzitaya."

Anawapatsa dengu lonse.

Abiti Yasini sanaviike. Ana anali atagona ndi njala masiku angapo, nkhuni zinali zonyowa, ndipo anawiritsa kamodzi kokha. Dzuwa litapendeka tinamva kukuwa. Tinawapeza onse anayi ali pabwalo, akusanza, akutsegula m'mimba, atsikana akugubuduka pansi atagwira pamchombo. Twaibu yekha sankalira. Ndi amene anadya kwambiri, chifukwa amayi ake anamupatsa ndi gawo lawo lomwe. Anali atagona chammbali, thukuta lili chuchuchu, milomo itachita mbuu, ndipo amayi anga atamugwira pachifuwa anati mtima ukugunda ngati ukuiwala.

Anabwereka njinga, anamumangirira pakaliyala ndi chitenje. Panalibe wamphamvu zopalasa, ndiye ambuje anaikankha okha, amayi atamugwira mwanayo kumbuyo. Ine anandisiya kuti ndizipatsa madzi odwala enawo. Zimene zinachitika kuchipatala anandiuza ndi amayi patapita zaka. Akuti Twaibu anafika atatsirizika kale. Ambuje anatulutsa m'thumba chidutswa cha mutu uja n'kuyamba kufotokozera adokotala za timasamba ta duwa ndi dzina la banja lake. Adokotala, amene anali ataona ana ambiri a njala mwezi umenewo, anangofunsa motopa kuti, "Madala, anawauza ndani kuti adye?"

"Ndine," anatero ambuje.

Maliro anachitika m'mawa mwake. Abiti Yasini analibe nsalu ya sanda yokulungira mwana wawo. Ambuje analowa m'nyumba, anatsegula sutukesi, n'kutulutsa nsalu yoyera imene anasungira maliro awo omwe, n'kupatsa amayi kuti akapereke. Inalandiridwa. Azibambo atanyamula maliro pa jeneza kupita kumanda, ambuje anatsatira kumbuyo kwenikweni, patali ndi anzawo, ndipo ife akazi tinatsala pakhomo tikulira ndi mawu opanda mphamvu.

Bwenzi zitapepuka akanatitukwana. Palibe anatitukwana. Shehe anati aliyense ali ndi tsiku lake. Abiti Yasini, atachira, anakumana ndi ambuje panjira n'kuwapatsa moni mwaulemu ngati kale, ndipo ambuje atayamba kupepesa anawadula mawu. "Ndi chifuniro cha Mulungu, Che Sumani." Koma ine ndikafika kumjigo, macheza a azimayi ankazima ngati moto wothiridwa madzi, ndipo wina ankachotsa ndowa yake n'kunena kuti, "Tunga, mwanangu, uzipita." Ndinkatunga msana ukutentha. Dzina la Che Liliyasiye linasowa pakamwa pa akuluakulu onse tsiku limodzi, linatsala kwa ana okha, amene ankalinong'ona kumbuyo kwanga m'kalasi. Zokolola zitabwera, amayi anaphika nandolo n'kundituma kukapereka kwa mayi wina amene anali atangobereka. Mbale inabwerera yotsukidwa bwino, ndi zikomo wambiri. Madzulo ndikudutsa kuseri kwa nyumba yawo ndinaona nandolo uja ali kudzala, nkhuku zikujompha. Sindinawauze amayi, koma kuyambira pamenepo ndikatumidwa ndi chakudya kwa anthu ndinkayenda ngati ndasenza chinthu chonunkha.

Ambuje kadimba kawo sanakazule. Anangosiya kulowamo, udzu n'kumeza zonse. Ku mzikiti anayamba kufika msanga, mkanjo uli woyera, n'kukhala mzere wa kumbuyo pafupi ndi nsapato. Nyengo yolima itafika anatenga khasu lawo n'kupita kumunda kwa Abiti Yasini, osapempha, osalankhula, n'kuyambira kumalire a kutali. Analima mizere, anapalira, anabandira, ndipo anachita chomwecho chaka ndi chaka, msana ukupindika, mpaka pamene khasu linayamba kuwalemera. Abiti Yasini sanawaletse, sanawathokozenso. Ankangotuma mtsikana wawo kukasiya madzi akumwa pansi pa mtengo.

Kamodzi kokha ndinalimba mtima. Ndinawapeza pakhonde akusoka mphasa, ndinakhala pambali pawo nthawi yaitali, kenako ndinafunsa.

"Ambuje, kodi ndiye kuti sanali abale?"

Singano inaima. "Anali abale, Hawa. Ine ndinadziwa dzina la mudzi, ndiye ndinkayesa kuti ndadziwa anthu ake." Anapitiriza kusoka. "Komanso anthu aja ankandiyang'ana. Ndinachita manyazi kunena kuti sindikudziwa."

Anamwalira ndili Fomu 2, nthawi yokolola.

Ndinadzapita ku koleji ya zaulimi, mwina chifukwa cha kadimba kaja, mwina pofuna kukapeza amene analakwa. Tsiku lina mphunzitsi wa za zomera anatiuza kuti banja la akakombo limene linali m'mabuku akale linali ngati thumba loponyamo chilichonse chooneka mofanana, ndipo akatswiri atayamba kufufuza za m'kati mwenimweni mwa zomera analiphwasula. Anyezi ndi adyo anapita kwawo. Alovera anapita kwake. Duwa lofiira lokwawa lija linapita kwina. Chomera cha kuphiri chija, atationetsa chithunzi chake ndinachizindikira nthawi yomweyo, anachiika pamodzi ndi katsitsimzukwa ndi khonje, ndipo anati chili ndi poizoni woimitsa mtima. Akakombo enieni otsala m'banjamo, anatero, ambiri ndi a mayiko ozizira, kuno samera okha m'tchire. Ndinamva mtima ukudumpha: ndiye kuti ambuje anawanamiza ndi mabuku! Koma mphunzitsiyo, akufufuta pabolodi, anawonjezera kuti chibale cha zomera sichinanenepo kuti ichi n'chodyedwa, pakuti tomato ndi fodya nazonso ndi banja limodzi. Anzanga anaseka. Ine ndinawerama ngati ndikulemba.

Panopa ndine mlangizi wa zaulimi, ndimakhala ku Balaka. Chaka chatha amayi anandiimbira foni kuti Abiti Yasini akubwera kudzachotsa ng'ala m'diso, ndipo alibe kofikira. Anafikira kwanga. Anali atakalamba, atafupikirapo, akuyenda ndi ndodo. Ndinawayalira kuchipinda kwanga, ndinkawaphikira mosamala ngati ndikulemba mayeso, ndipo mbale iliyonse ndinkayamba kulawa ndine pamaso pawo.

Atachitidwa opaleshoni, masana ena tinakhala pakhonde, diso limodzi lili ndi bandeji, sitima ikulira chapatali. Anakana kukhala manja lende, ndiye ndinawapatsa lichero la nyemba kuti azisankha ndi zala. Apo ndi pamene ndinayamba kuwauza zimene ndinaphunzira ku koleji, za thumba lija ndi mmene analiphwasulira. Ndinalankhula nthawi yaitali, mawu akuthamanga. Sindikudziwa ngati ndinkapepesa kapena ndinkawaikira kumbuyo ambuje. Anandisiya mpaka ndinatha.

"Hawa, mwanangu," anatero, zala zili mu nyemba. "Ine chomera chija ndinkachidziwa."

Anapitiriza, zala zikusankhabe nyemba.

"Kwathu kumene ndinakulira chinalipo chambiri. Amayi anga anandimenyapo ndili kamtsikana chifukwa ndinachitenga kukaphikira masanje. Ankachisinja n'kuthira m'gaga kuphera makoswe." Anatola kamwala n'kukaponya pabwalo. "Ndinalibe choika mumphika. Mwana uja ankandiyang'ana, osalira, kungondiyang'ana. Ndinati mwina cha kuno n'china, mwina akuluakulu a ku Zomba anapeza njira. Sindinapite kwa agogo ako kukafunsa iyayi. Ndinapita kuti munthu wina andiuze kuti eya."

"Nanga bwanji simunawauze ambuje?" Mawu anga anatuluka okwera kuposa mmene ndinkafunira.

"Ndikanawauza, atsikana anga akanamva. Akanandiyang'ana bwanji? Zaka zonse zija agogo ako akulima m'munda mwanga, ine ndinkakhala m'nyumba, chitseko chotseka, kumva khasu likugunda. Tsiku lililonse ndinkati mawa ndituluka." Misozi inatsika kuchokera m'diso losamanga lija. "Iwe ndakuuza chifukwa ndadya zakudya zako. Koma ana anga asamve ndili moyo. Ngakhale amayi ako."

Chimene ndinamva poyamba sichinali chisoni. Chinali chimwemwe, chotentha, chokwera kuchokera m'mimba, ngati munthu amene wauzidwa kuti mlandu wake watha. Ndinkafuna kuthamanga mpaka ku Ngokwe, kukaima pamjigo n'kukuwa. Ndipo pamene ndinazindikira kuti ndikusangalala pamaso pa mayi amene akundiuza mmene anaphikira mwana wake chakudya chomaliza, ndinachita manyazi oposa onse a ubwana wanga. Ndinagwada, ndinawachotsera lichero pamiyendo, ndinalonjeza.

Pa Idi yapitayi ndinapita kumudzi. Ndikudutsa njira ya kumunda ndinamva mwana wawo wamkulu wa Abiti Yasini, amene tsopano ndi mayi wa ana ake, akukalipira kamnyamata kake kamene kankatokosa pansi ndi kamtengo. "Siya zimenezo! Zokumbakumba zinapha amalume ako. Anawapatsa ndi madala ena a nyumba iyo." Atatembenuka anandiona, n'kugwira pakamwa. Ndinamupatsa moni, ndinafunsa za ana, ndinapitirira.

Abiti Yasini anali pakhonde pawo, ndipo anamva zonse. Diso lawo linachira bwino, tsopano amaona patali, moti anandiyang'ana njira yonse mpaka ndinafika. Ndinagwada, ndinapereka dzanja. Analigwira ndi manja awo onse awiri, mwamphamvu, osalisiya, akudikira kuti aone ngati nditsegule pakamwa.

"Amayi, mwaswera bwanji?" ndinatero.